Khadi la Mizere ya Pamsika

Lachitatu, 4 Juni

Lero ndi tsiku lachitatu ndili m'chipatala muno, koma ndi loyamba kuti ndithe kugwira cholembera. Kope ili wandibweretsera ndi mkazi wanga, akuti ndizilembamo zimene adokotala akunena chifukwa akandifunsa madzulo ndimakhala nditaiwala. Wodi ya amuna othyoka mafupa, bedi 14.

Zimene ndauzidwa: mwendo wamanja unathyoka pawiri kumunsi kwa bondo, fupa linachita kutulukira kunja. Nthiti ziwiri zinang'aluka. Andiboola fupa n'kuikamo zitsulo zinayi zotulukira kunja, zogwirizidwa ndi ndodo yachitsulo. Mankhwala a m'diripi katatu patsiku. Kutentha kwa thupi 37.9.

Zimene ndikukumbukira: Lolemba m'mawa, ndikupita kuntchito, ndinaima pakati pa msewu waukulu pamsika wa kwathu kumunsi, kudikira kuti lole idutse. Minibasi inatulukira kumbuyo kwa loleyo. Basi. Malo amenewo ndawoloka zaka khumi ndi zinayi.

Ambuye, mwandisunga. Chimene mwandisungira sindikuchidziwa.

Lachinayi, 5 Juni

Tsiku la muno limayenda chonchi. Faifi koloko atidzutsa kuyeza kutentha. Sikisi, okolopa. Seveni, phala ndi tiyi. Cha m'ma naini adokotala ndi gulu lawo la ophunzira, amaima kumiyendo kwa bedi n'kumakambirana za mwendo wako ngati mwiniwake unatuluka. Kenako kutsuka mabala, nthawi imene amuna akuluakulu amaitana amayi awo. Alendo amalowa masana ndi madzulo.

Muno sitiitanana maina. Ukangofika amakufunsa ntchito, imeneyo ndiye dzina lako. Pabedi 15, kumanzere kwanga, pali bambo wosoka nsapato, onse amati a Nsapato. Ndi wamfupi, wa imvi pang'ono, pakamwa sipatsekeka. Amasokera pakhonde la golosale pamsika womwewo, ndipo galimoto inawagunda pamalo pomwe ndinagundidwira ine, masiku naini ine ndisanabwere. Mwendo wawo wamanzere unaphwanyika kumunsi kwa bondo.

“Ndinanyamula thumba la nsapato za makasitomala,” anandiuza. “Zinamwazika msewu wonse. Anthu pofika ankayesa tafa anthu sikisi, anayamba kufunafuna mitembo inayo.”

Ndinaseka, nthiti n'kundilanga.

Kenako anandifunsa: “Nanga inu, achimwene, mumagwira yanji?”

Ndinati ndimapenta.

“Nyumba?”

Ndinati ee, nyumba.

Tsopano ndine a Penti. Koma ndanama, ndipo ndilembe pano poti pepala silindiyang'ana kumaso. Sindipenta nyumba. Ndine kapitawo wa anthu anayi amene timapaka mizere ya m'misewu ya mumzinda muno.

Lachisanu, 6 Juni

Ajambulanso mwendo. Adokotala ati zitsulo zakhala bwino, chimene akuopa ndi mafinya. Kutentha 38.1.

A Nsapato lero anachita kalembera wa wodi yonse ali chigonere, kumangofuula bedi ndi bedi. Mabedi 22. Ogwa pa njinga yamoto, asanu. Ogwa padenga kapena mumtengo, atatu. Ogundidwa akuyenda pansi, naini. Anafunsa mmodzimmodzi kumene amakhala. Tonse naini ndife a kumunsi kapena kumathero a mzinda kumene msewu ulibe m'mbali moyenda anthu. Wa kumtunda, kunyumba zamipanda kuja, panalibe ndi mmodzi yemwe.

Agogo a pazenera, amene anagwa pokonza denga la mwana wawo, anati: “A kumtunda akafuna kuthyoka mwendo amathyokera m'bafa.”

Wodi yonse inaseka. Kumtundako ndimakudziwa mzere ndi mzere. Pa sukulu ya kumeneko pali malo owolokera a mizere naini, ndapakapo katatu chaka chino chokha. Pali mahampu mbali zonse, maloboti, zikwangwani. Ana ake sawoloka. Amatsitsidwa m'galimoto mkati mwa geti. Tsiku lina tinakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka masana kudikira penti kuti aume, anawolokapo ndi mlonda mmodzi ndi galu.

Kwathu msewu unadula pakati. Mbali ino nyumba, mbali inayo msika, sukulu, chipatala chaching'ono ndi pokwerera basi. Aliyense amawoloka kawiri patsiku, ena kanayi. Zonsezi ndinkazidziwa. Koma kuziona zitagona pamabedi naini ndi nkhani ina.

Loweruka, 7 Juni

Kutentha 39.2. Asintha mankhwala. Sindinadye. Mkazi wanga wabwerera ndi mpunga wake.

Lamulungu, 8 Juni

Kutentha kwatsika, 38.0. Abusa athu anabwera ndi amayi awiri a kwaya, anaimba chapansipansi. Popemphera anati Mulungu alange amene amanyalanyaza miyoyo ya osauka. Wodi yonse inati ameni. Inenso ndinati ameni.

Ndilembe zonse lero mphamvu zikadalipo.

Chaka chatha msewu waukulu anauthira phula latsopano, mizere yakale yonse n'kukwiririka. Ntchito yathu inali kuibwezeretsa. Malo aliwonse amakhala ndi khadi lake lochokera ku ofesi: malo akuti, mizere ingati, tsiku, ndi pansi posaina kapitawo kuti ntchito yatha. Lamulo limati usaine ukamaliza. Koma aliyense wa ntchito yathu amadziwa kuti ukamaliza manja amakhala ali penti yekhayekha, ndipo khadi lothimbirira akalaliki amalibweza. Ndiye timasainiratu m'mawa, tili mu lole, tisanatsegule chitini. Amene anandiphunzitsa ntchito ankatero. Inenso ndatero zaka zonsezi, palibe chinalakwikapo.

Pa 14 Novembala tinafika pamsika cha m'ma seveni. Khadi ndinali nditasaina kale. Tinaimika makoni, zipewa zofiira zotchingira msewu zija, tinasesa phula, tinamenya chingwe cha choko: mizere seveni. Amayi ogulitsa tomato anatiombera m'manja. Mnzanga wogwira naye ntchito, amene timamuti Wamtali, anali atagwira kale chotsegulira chitini pamene foni yanga inalira. Abwana. Akuti kumtunda kukubwera alendo mawa, mizere ya poimika magalimoto yafufuma, tipite pompano.

Sindinatsutse. Sindinanene n'komwe kuti bwana, tatsala ndi maola awiri okha. Ndinati chabwino bwana. Tinazula makoni.

Madzulo ndinapereka makhadi onse pamodzi, la pamsika lili pakati. Ndinazindikira m'mawa mwake. Ndinati ndikanena Lolemba. Lolemba ndinaopa, chifukwa kusaina ntchito yosagwira ndi mlandu wochotsa munthu ntchito. Ndinati tidzangopitako tsiku lina ndi penti wotsala. Penti satsala. Mvula inabwera n'kutsuka choko chija. Ku ofesi malo aja anawachotsa pamndandanda, poti papepala anatha.

Miyezi isanu ndi iwiri. Amene ndikuwadziwa kuti agundidwa pamenepo ndi asanu, ine wachisanu ndi chimodzi. Mmodzi anamwalira, mayi wogulitsa tomato. Sindikudziwa ngati anali mwa amene anaomba m'manja. Kumaliro kwake ndinapita, ndinanyamula nawo bokosi.

Ndimadziuza kuti penti saimitsa minibasi. N'zoona. Koma ndaonapo madalaivala akuponda buleki chifukwa cha penti.

Lolemba, 9 Juni

Kutsuka bala: chitsulo chachiwiri chikutulutsa timadzi. Anamwino ati tiyang'anire.

Cha m'ma leveni kunabwera mayi wapolisi ndi faelo, kudzaona a Nsapato. Anakhala pampando pakati pa mabedi athu awiri, nsana wake kwa ine. Anati dalaivala amene anawagunda akunena kuti iwo anasiya malo owolokera n'kudumphira pamsewu pena.

“Malo owolokera ake ati, mayi?”

“Pamsika pali mizere, bambo.”

“Inalipo. Inapita ndi phula lakale.”

Mayiyo anatsegula faelo. Anati iwonso atapitako sanaione bwino, koma analembera ku ofesi ya misewu, ndipo yankho labwera ndi chidindo: mizere seveni, inapakidwa pa 14 Novembala, kapitawo anasaina. Mwina inangofufuma. Anati zikakhala choncho mlandu uvuta, wolakwa aoneka ngati woyenda pansi.

A Nsapato anadzutsa mutu papilo. Kenako anati: “Ndimakhala pakhonde paja kuyambira sikisi mpaka sikisi, maso anga ali pamsewu. Mizere seveni ingandidutse? Funsani msika wonse.”

“Msika ulibe chidindo, bambo,” anatero mayiyo, osati mwachipongwe. Anaoneka wotopa.

Anatembenuka kuti afunse ine za ngozi yanga. Ndinatseka maso. Ndinachita kupuma ngati munthu wagona tulo tofa nato. Ndinamva akuuza anamwino kuti abweranso Lachitatu la sabata yamawa, pa 18.

Siginecha imene ili m'faelomo ndi yanga. Inali pafupi ndi ine moti ndikanatambasula dzanja ndikanaikhudza.

Lachiwiri, 10 Juni

Kutentha 37.6. Andikhazika pampando mphindi khumi, chizungulire.

Mwendo wa a Nsapato wayamba fungo. Tonse tikulimva, palibe akunena. Iwo okha ndiwo ananena: “Pepani anzanga, si ine, ndi mnzangayu. Tayambana, akufuna kusamuka.”

Akazi awo amabwera ndi buledi ndi nthochi, amagawa pawiri, theka n'kuika pa kabati yanga. Amandiitana alamu.

Mkazi wanga ndinamunong'oneza kuti asatchule za ntchito yanga muno. Anandiyang'ana nthawi yaitali. “Bambo a ana, mwayamba kuchita manyazi ndi ntchito imene imatidyetsa?” Ndinati ndidzakuuza. Za khadi sadziwa kanthu.

Lachitatu, 11 Juni

Adokotala aakulu anaima nthawi yaitali pabedi 15. Anakanda phazi ndi kapini, a Nsapato osamva. Zala zada. Akoka makatani, koma katani sitseka mawu. Adula Lachisanu, kumunsi kwa bondo ngati kungatheke.

Makatani atatsegulidwa, a Nsapato anali akuyang'ana kudenga. Anati: “Zaka makumi atatu ndikusoka nsapato ziwiriziwiri.”



Lachinayi, 12 Juni

Ndinadzuka nditatsimikiza kuti lero ndiwauza. Munthu asapite ku opaleshoni akugawana buledi ndi amene anamupweteka, osadziwa.

Itatha nthawi ya mabala ndinati: “A Nsapato, pali nkhani.”

“Ngati ndi ya nsapato yanga yamanzere, mwachedwa. Ndalonjeza kale bedi 6, iwo anadulidwa wamanja. Tizigula peyala imodzi n'kugawana.”

Ndinati ayi, ndi nkhani ina. Anatembenuza mutu n'kundiyang'ana, kudikira. Maso ake anali ofiira. Ndinatsegula pakamwa, chimene chinatuluka n'chakuti: “Mukufuna madzi?”

Anandiyang'anabe pang'ono. Kenako anati: “A Penti, inu muli ndi mawu a kutchalitchi. Ine ndikapemphera ndimangokhala ngati ndikutsutsana mtengo ndi kasitomala. Tandipemphererani.”

Ndinapemphera. Mawu anabwera okoma, osakhumudwa pena paliponse, mpaka akazi awo analira. Sindinadzionepo wonyansa ngati lero. Ambuye, pemphero limenelo mulilandire chifukwa cha iwo, osati chifukwa cha pakamwa pamene latulukira.

Lachisanu, 13 Juni

Anawatenga 8:20. Anabwera nawo 1:45. Bulangete lagona fulati pamene panali phazi.

Ine: kutentha 37.2, bala louma.

Loweruka, 14 Juni

Akubuula. Akuti chala chachikulu chikuyabwa, chala chimene kulibe. Anapempha akazi awo kuti awakande. Mayiwo anakanda bulangete.

Sindingathe kulemba zambiri.

Lamulungu, 15 Juni

Ndilembe momwe zinachitikira.

Nthawi ya alendo masana kunabwera Wamtali, atanyamula malalanje. Munthu ameneyu wagwira ntchito pakati pa magalimoto zaka khumi, sadziwa kunong'ona. Akati akunong'ona amamveka kuchipinda chachitatu.

“Akapitawo!” anatero ali pakhomo. “Mwatiopsatu.”

Ndinamukodola kuti atsitse mawu. Anakhala pabedi n'kuweramira kwa ine.

“Musadandaule, takonza. Pamsika paja tapaka dzulo m'mawa. Mizere seveni, ngati mmene munamenyera choko tsiku lija. Abwana anachita kubwera okha ndi penti pagalimoto yawo. Akuti munthu wathu wagundidwa, apolisi ayamba kufunsafunsa, pansi pafanane ndi pakhadi. Maola awiri ndi mphindi teni, tamaliza. Atauma anatiuza tiwazepo dothi ndi kuyendetsapo lole kangapo kuti asaoneke watsopano.” Anaseka. “Akuti mupume bwino, khadi lanu lili bwinobwino, ntchito ikukudikirani. Inu mukafunsidwa muzingoti munapaka Novembala.”

Wodi yonse inali itamva, koma iye sanazindikire. Anayamba kusenda lalanje. Anatembenukira ku bedi 15 n'kunena kuti: “Bambo, lalanje?”

A Nsapato anali maso. Anayang'ana lalanje, anayang'ana ine. Anakoka bulangete n'kutembenukira kukhoma, ngakhale kuti kutembenuka kumawapweteka.

Anthu asanu anagundidwa, mmodzi tinamuika m'manda, penti sanapezeke. Wagundidwa wa ku ofesi, penti wabwera pagalimoto ya abwana. Ndipo sanabwere kudzateteza munthu. Wabwera kudzateteza pepala.

Maola awiri ndi mphindi teni.

Lolemba, 16 Juni

Ayamba kundiphunzitsa ndodo. Masitepe sikisi kupita, sikisi kubwera. Thukuta ngati ndalima.

Palibe wandilankhula lero. M'mawa agogo a pazenera amafuula moni bedi ndi bedi. Atafika pa 13 analumphira pa 15. Akazi a a Nsapato anabwera ndi buledi, anadula pawiri mwachizolowezi, n'kuima ndi theka lija m'manja. Analibwezera m'pepala.

Madzulo ndinamuuza mkazi wanga zonse, kuyambira pa khadi. Anamvetsera atagwira pakamwa. Choyamba chimene ananena: “Ana athu amawoloka pamenepo popita kusukulu. Tsiku lililonse mumawaona akutuluka pakhomo, inu mukudziwa?”

Ndinati ndinkawauza kuti aziyang'ana mbali zonse.

“Mumawauza kuti aziyang'ana.”

Anapinda ndi kupindanso kansalu kokutira mbale. Kenako anafunsa kuti ndikanena zoona Lachitatu chichitike n'chiyani. Ndinati ntchito itha, mwinanso kuposa apo. Anati tili ndi ana atatu ndipo inu muli ndi mwendo umodzi ndi theka. Ndinati ndikudziwa. Anati nanga mukapanda kunena? Ndinati mlandu ugwera bambo awa, ndipo penti watsopano uja achitira umboni dalaivala.

Ananyamula mbale zake. Ali pakhomo anabwerera n'kudzandikonzera pilo, mwaukali. “Ine sindikuuzani chochita. Munasaina nokha.”

Lachiwiri, 17 Juni

Kutentha 36.9. Masitepe khumi ndi awiri.

Itatha nthawi ya mabala, a Nsapato analankhula osandiyang'ana.

“A Penti. Tsegulani kabati yanuyo, mutulutse jombo.”

M'kabati muli jombo yanga imodzi, yamanja, imene anandivula pofika. Inang'ambika m'mbali, soli inayasama. Inzake inatsala pamsewu. Ndinaitulutsa.

“Itembenuzireni kuzenera.”

Ndinaitembenuza. Madontho a penti a pamwamba pake anayamba kunyezimira.

“Timikanda tagalasi timeneto,” anatero. “Mumawaza pa penti wa pamsewu kuti aziwala galimoto ikaunika. Penti wa nyumba alibe. Ndasokapo jombo za anzanu, timaononga singano. Tsiku limene anakubweretsani, anamwino poika jomboyo m'kabati, ndinaiona. Munthu ndimayamba kumuona kuphazi, nkhope pambuyo.”

Ndinati ndiye munkadziwa nthawi yonseyi.

“Ndinkadziwa kuti ndinu wa misewu. Ndinati munthuyu akuopa kuti timudya, musiyeni, nayenso wathyoka ngati ife. Lachinayi lija ndinayesa mukufuna kunena zimenezo. Ndinali nditakonza kale yankho loti ndikusekeni.” Anapuma kaye. “Sindinkadziwa kuti kapitawo wa m'faelo uja ndinu. Ndiponso sindinkadziwa kuti ndi maola awiri. Ine ndinkayesa ndi ntchito yaikulu, ya miyezi, yofuna makina ochokera kunja. Ndinkawakhululukira pang'ono chifukwa cha zimenezo.”

Ndinawauza zonse. Lole, khadi, manja oyera, choko, foni. Wodi yonse inkamva, sindinatsitse mawu. Nditafika pa amayi a tomato amene anaomba m'manja, anandidula.

“Ndinaliko. Inenso ndinaomba. Ndinkasoka sandasi ya mwana wasukulu, ndinaiika pansi kuti ndiombe bwino. Kenako tinangoona mukukweza zipewa zanu zofiira zija mu lole. Tinati apita kukadya, abweranso.”

Ndinati ndikhululukireni.

“Musandipemphe zimenezo lero. Chilonda chikadali chachiwisi. Mayi uja akubwera mawa. Mudzakhala muli maso, kapena mudzagonanso ngati tsiku lija? Chifukwa munthu wogona sameza malovu kasanu.”

Lachitatu, 18 Juni

Sindinadye phala. Ndinapempha anamwino andikhazike tsonga, andipatse malaya.

Mayi wapolisi anafika 10:40. Asanakhale ndinati: “Mayi, siginecha ili pa khadi la pa 14 Novembala ndi yanga. Mizere ija sitinapake.”

Anandiyang'ana, anayang'ana faelo. Anandipatsa pepala kuti ndisaine aone. Anayerekeza. Anakoka mpando.

Zinatenga ola ndi theka. Ndinanena za foni, za Loweruka lapitali, za dothi ndi lole. Anafunsa ngati pali chosonyeza kuti pentiyo ndi watsopano. Apa ndiye ndinalankhula ngati munthu wodziwa ntchito yake: akakande ndi mpeni m'mphepete mwa mzere, penti wa masiku anayi amatuluka wofewa ngati chingamu, wa miyezi seveni amathetheka. Ayang'anenso timikanda. Pa mzere wakale matayala amakhala atatha kutichotsa, pa watsopano timadzaza dzanja ukapukuta. Analemba zonse.

Anati: “Mukudziwa kuti izi zikhoza kukutembenukirani?”

Ndinati ndikudziwa, mayi.

Anandiwerengera zimene analemba, n'kundipatsa cholembera. Ndinati ndiwerenge ndekha kaye mpaka pansi. Ndinawerenga mzere uliwonse, kenako ndinasaina. Aka n'koyamba m'zaka zambiri kusaina chinthu chitatha.

Atatuluka ndinasanza. Anamwino ati mwina ndi mankhwala.

Ndinkayesa ndidzamva kupepuka. Ayi. Ndikungomva mantha, ndi njala.

Lachinayi, 19 Juni

Adokotala ati ndikapitiriza chonchi nditha kutuluka sabata yamawa, zitsulo zidzachoka pakatha miyezi itatu.

Wamtali sanabwere. Watumiza uthenga pafoni ya mkazi wanga: apolisi anafika pamsika ndi mpeni, anthu anadzaza kudzaonerera, abwana akufuna kudziwa amene walankhula. Pamapeto analemba kuti, akapitawo, nanga ife?

Funso limenelo sindinaliganize mokwanira. Iwonso ali ndi ana. Ndawawonjezera pa mndandanda wa owapempherera, umene ukutalika tsiku ndi tsiku.

Mkazi wanga wabwera ndi mazira owiritsa anayi. Awiri anaika pa kabati yanga, awiri anakapereka pabedi 15 osandifunsa. Akazi a a Nsapato analandira. Kenako ndinawaona awiriwo akutuluka limodzi pachipata.

Agogo a pazenera m'mawa uno anati: “Fotini, mwadzuka?” Nambala ya bedi langa, osati a Penti. Koma ndi moni.

Loweruka, 21 Juni

Kalata yabwera kunyumba. Andiimitsa ntchito kufikira atafufuza. Mkazi wanga anaiwerenga kawiri, n'kuiika m'kope muno. Sanalire. Anati mawa ayamba kufunsa za malo pamsika, mwina azigulitsa zovala za ana. Ndinati ndiye uziwoloka msewu uja tsiku lililonse. Anati: “Pano pali mizere.”

A Nsapato achotsedwa diripi. Bala lawo likuuma bwino, ati Lolemba ayamba ndodo. Masana akazi awo anabwera ndi kathumba kachikopa, iwo n'kukhuthulira pabulangete: singano zokhota, ulusi wakuda, phula lopaka ulusi, kampeni. Anamwino anati zimenezi siziloledwa muno. Iwo anati: “Mwanditengera mwendo, asisitala, manja ndisiyireni.” Anamwino anayang'ana kumbali.

Kenako anatambasula dzanja kwa ine. “Bweretsani jombo ija.”

Ndinati ya chiyani, inzake inatayika, ndipo phazi limeneli silivala nsapato mpaka miyezi itatu.

“Ndakufunsani zimenezo? Ndikaiona ili chiyasamire m'kabatimo imandisowetsa mtendere.”

Ndinawapatsa. Anaitembenuza, anaigogoda, anadandaula kuti amene anaisoka poyamba anali wakuba. Anayamba kusoka, ulusi ataluma kumano. Ndinawayang'ana mpaka anafika pakati.

Ndinati: “A Nsapato, kodi ndiye kuti...”

“Ayi,” anatero osadzutsa mutu. “Iyi ndi nsapato chabe. Zinazo ndidzakuuzani ndikadzawoloka pamsika paja ndi ndodo, ndione ngati minibasi idzaime.”

Anamaliza cha m'ma folo. Anaipukuta ndi m'mphepete mwa bulangete, koma penti sanamuchotse. Anati ameneyo akhale.

Ili pa kabati, pamene ndikuiona ndikagona chammbali.

Kutentha 36.8. Masitepe makumi awiri. Msewu uja, kuchokera mbali yathu kukafika kumsika, ndi masitepe makumi awiri ndi anayi. Ndinauyeza ndekha ndi chingwe tsiku la choko lija.